NZERU ZA KU MCHINJI ZISATHERE M'MAKABATI

Boma la Mchinji, limene akuluakulu ena akali kulikumbuka ndi dzina lake lakale la Fort Manning, limadziwika ndi mtedza, fodya, chimanga ndiponso chipata cha Mwami chotulukira ku Zambia. Koma ilipo mbewu ina imene bomali labala yochuluka m'zaka makumi awiri zapitazi, ngakhale siikwera pa sikelo ya wogula aliyense. Mbewu imeneyi ndiyo nzeru zotuluka m'kafukufuku. Anthu ophunzira a kuno ndi a maiko akutali akhala akufika m'midzi ya mafumu monga Mkanda, Zulu, Mlonyeni ndi Mavwere, kufunsa mafunso, kuyeza ana pa sikelo ndi kulemba m'makope. Ndipo zimene anapeza zinasintha kayendetsedwe ka ntchito zina za Boma, zinamvekanso kunja kwa dziko lino.

Funso loyenera kuti antchito a Boma ndi aphunzitsi aliganizire bwino ndi ili: kodi nzeru zimenezi amazilemba ndani, m'chinenero chiti, ndipo zikalembedwa zimabwerera kwa eni ake? Yankho lake lisonyeza kuti yakwana nthawi yoti ku Mchinji kuzichitika chaka ndi chaka m'bindikiro wa alembi, momwe ofufuza a m'masukulu aukachenjede, antchito a m'maofesi a pa boma ndi aphunzitsi azikhalira pamodzi masiku owerengeka, osachita kanthu kena koma kulemba.

ZIMENE MCHINJI ANAPATSA DZIKO

M'chaka cha 2006 Boma, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF, linayamba kuyesa ku Mchinji njira yopatsa ndalama mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, monga nkhalamba zolera ana amasiye ndi anthu odwala nthawi yaitali. Panali okayika ambiri, onena kuti ndalama zopatsidwa chabe zidzathera ku mowa. M'zaka za 2007 ndi 2008 ofufuza a ku Boston University, pamodzi ndi a Centre for Social Research ya ku Zomba, anayendera mabanja olandira ndi osalandira, nayerekeza kadyedwe kawo, katundu wawo ndi kapitidwe ka ana awo ku sukulu. Anapeza kuti mabanja olandira ankadya bwinopo, ankagula nkhuku ndi mbuzi, ndipo ana awo sankajomba kawirikawiri. Umboni umenewu unathandiza kuti ntchitoyo, imene anthu amaitcha Mtukula Pakhomo, ikule kufikira m'maboma onse 28 pofika 2018.

Chitsanzo chachiwiri ndi ntchito ya MaiMwana. Ofufuza anagawa midzi ya ku Mchinji m'zigawo 48. M'zigawo zina anakhazikitsa magulu a amayi okumana kukambirana zovuta za uchembere ndi kufuna okha njira zozithetsera. M'zina anaphunzitsa amayi odzipereka kuyendera anzawo oyembekezera ndi oyamwitsa. Zina zinalandira zonse ziwiri, ndipo zina zinakhala zoyerekezerapo. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2013 m'magazini a zachipatala a ku London otchedwa The Lancet, ndipo pakati pa olemba ake panali madokotala a dziko lino, Dr Charles Mwansambo ndi malemu Dr Peter Kazembe. Zinasonyeza kuti njira zimenezi zikakhazikika zimachepetsa imfa za amayi ndi za makanda. M'chaka chotsatira, 2014, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, litasonkhanitsa umboni wa ku Malawi, Nepal, India ndi Bangladesh, linalangiza maiko kuti azigwiritsa ntchito magulu a amayi otere, makamaka kumidzi kumene zipatala zili kutali.

Motero mayi wa ku Mkanda amene anakhala pansi pa mtengo kukambirana ndi anzake za njinga yonyamulira wodwala anathandiza, mosadziwa, kulemba malangizo a dziko lonse lapansi.

KUMENE NJIRA IMADUKA

Zitsanzo ziwirizi zinafika patali chifukwa zinali ndi ndalama ndiponso anthu ozolowera kulemba. Koma pa kafukufuku mmodzi wotuluka m'magazini, alipo wina wambiri amene amagona m'makabati. Mlangizi wa zaulimi amene wayang'anira minda yachitsanzo ya mtedza zaka khumi adziwa mudzi umene chuku chimavuta ndi chifukwa chake. Mlangizi wa zaumoyo ali ndi kaundula wa ana onse a m'dera lake. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya m'malire adziwa mwezi umene ana amachepa m'kalasi, ndi kumene amapita. Ena mwa antchito amenewa anapita ku Bunda, ku Chancellor College kapena ku Mzuzu kukawonjezera maphunziro, nalemba mabuku a kafukufuku wawo. Mabukuwo anamangidwa bwino ndi chikuto cholimba, naikidwa pa alumali, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanatsegulidwenso.

Chifukwa chake si ulesi ayi. Kulemba nkhani yoti ilandiridwe ndi magazini a anthu ophunzira ndi luso lapadera, lokhala ndi malamulo ake. Wolemba ayenera kunena funso limene anafuna kuyankha, njira imene anatsata, zimene anapeza, ndi tanthauzo lake poyerekeza ndi zimene ena anapeza kale. Akatumiza, mkonzi amapereka nkhaniyo kwa akatswiri awiri kapena atatu, amene kawirikawiri maina awo sadziwika kwa wolembayo, kuti aifufuze zolakwa. Amaibweza ndi mafunso, nthawi zina masamba angapo, ndipo wolemba ayenera kuyankha funso lililonse. Pamatha miyezi, mwinanso chaka. Munthu amene sanaonepo zimenezi akalandira kalata yoyamba yomubwezera nkhani yake amayesa kuti wakanidwa, nataya mtima, pamene wozolowera amadziwa kuti pamenepo mpamene ntchito yayambira.

Kuwonjezera apo, ntchito ya mu ofesi siipatsa munthu mpata wa kuganiza motalika. Pakhomo pali anthu odikira, lamya ikulira, kalata ya ku likulu ikufuna yankho lero lomwe. Mphunzitsi naye ali ndi mulu wa makope ofuna kuchonga. Ndipo alipo akathyali amene atsegula magazini onyenga pa intaneti, olonjeza kusindikiza nkhani m'masiku ochepa munthu akangolipira, popanda katswiri woiona. Wogwa m'mbuna imeneyi amataya ndalama ndi mbiri yomwe.

M'BINDIKIRO NDI CHIYANI

Mawu oti m'bindikiro si achilendo. A mpingo amadzipatula masiku angapo kuti apemphere. Namwali amabindikira kuti alangizidwe. M'bindikiro wa alembi utsata nzeru yomweyo. Anthu khumi kapena khumi ndi asanu amapita ku malo achete kwa masiku anayi kapena asanu, aliyense atatenga ntchito yake yoyambidwa kale: manambala osonkhanitsa, buku la kafukufuku, kapena lipoti. M'mawa aliyense amanena pamaso pa anzake gawo limene afuna kutsiriza tsikulo. Kenaka onse amakhala m'chipinda chimodzi, malamya atazimitsa, nalemba kwa ola limodzi ndi theka osayankhulana. Amapuma pamodzi, nabwereranso. Madzulo amasinthana zolemba, wina nawerenga za mnzake ndi kumuuza poyera pamene sipakumveka. Pamakhala mkulu mmodzi kapena awiri ozolowera ntchito ya ukonzi, osunga nthawi ndi kuwongolera.

Alimi a ku Mchinji sangaone chachilendo pamenepa, pakuti ndi dima. Munda umene ukanatenga munthu mmodzi mwezi wathunthu umatha tsiku limodzi anthu akaima mzere ndi makasu, ndipo waulesi amachita manyazi kutsalira pambuyo. Ku Scotland, Pulofesa Rowena Murray anakonza ndondomeko ya m'bindikiro wotere wa nthawi zoikika, imene masukulu aukachenjede ambiri anaitengera. Ku America, kuyambira 2014, msonkhano wotchedwa Triangle Scholarly Communication Institute unayamba kusonkhanitsa ku Chapel Hill timagulu ta ofufuza, osunga mabuku ndi osindikiza kwa masiku ochepa, kagulu kalikonse ndi vuto limodzi loti kalithetse. Phunziro la kumeneko nlakuti anthu a ntchito zosiyana, amene masiku onse amangolemberana makalata, amamvana msanga akadyera m'mbale imodzi.

Dziko lino nalo lili ndi zitsanzo zake. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, silinamasuliridwe ndi munthu mmodzi. M'busa William Murray anagwira ntchitoyo zaka zambiri pamodzi ndi amishoni a mipingo ina ndiponso aphunzitsi eni chinenero, ndipo phiri la Kaso ku Mvera likumbukiridwa kufikira lero ngati malo amene omasulira ankadzipatulirako. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group, lokumana mlungu ndi mlungu kuwerengerana ndi kudzudzulana zolemba; m'gulu limeneli munatuluka alembi odziwika monga Jack Mapanje. Ndipo mu 2004 magazini a Malawi Medical Journal analowa m'chigwirizano cha African Journal Partnership Project, chimene chinalumikiza akonzi a magazini a zachipatala a mu Africa ndi anzawo a ku Ulaya ndi ku America, nakumana kuphunzitsana ntchito ya ukonzi. Magaziniwa tsopano amawerengedwa kwaulere pa intaneti ndi madokotala a maiko onse.

DZINA LA WOSONKHANITSA UMBONI

Ilipo mfundo imodzi imene antchito a Boma ayenera kuimvetsa, chifukwa ikhudza ulemu wawo. Akonzi a magazini akuluakulu a zachipatala anagwirizana za munthu woyenera kulembedwa dzina pamwamba pa nkhani. Kusonkhanitsa umboni pakokha sikukwanira. Munthuyo ayeneranso kukhala atathandiza kulemba kapena kukonza nkhaniyo, ataivomereza isanasindikizidwe, ndi kulola kuyankhapo ikafunsidwa. Malamulo omwewo anenanso kuti amene anagwira ntchito yaikulu pa kafukufuku apatsidwe mpata wa kulemba nawo.

Tanthauzo lake nloonekeratu. Ngati umboni usonkhanitsidwa ku Kapiri kapena ku Nkhwazi, koma kulemba kuchitikira ku Lilongwe, ku London kapena ku Boston, namwino kapena mlangizi amene anayenda pa njinga m'matope zaka zitatu sangalembedwe dzina, pakuti pa tsiku lolemba panalibe. Amangothokozedwa kumapeto m'timalemba tating'ono, mwinanso osatchulidwa konse. Mchitidwe wotuta umboni m'maiko osauka ndi kukaulembera kwina wadzudzulidwa kwambiri, kotero kuti mu 2022 magazini a Nature analengeza ndondomeko yolimbikitsa olemba kufotokoza mbali imene ofufuza a m'dziko lofufuzidwalo anatengapo. Koma ndondomeko yolembedwa ku London siingakhazike mlangizi wa ku Mchinji pa tebulo lolembera. Chimene chingamukhazike pamenepo ndi m'bindikiro wochitikira kwawo, umene iye aitanidwako monga mlembi mnzawo.

Phindu lake siligwera iye yekha. Manambala sanena chifukwa. Angasonyeze kuti amayi a mudzi wina anasiya kupita ku sikelo mwezi wa February, koma wodziwa kuti mlatho wa pa mtsinje unakokoloka, kapena kuti anthuwo amapita ku chipatala cha tsidya la Zambia chifukwa nchapafupi, ndi wa komweko. Nkhani yolembedwa popanda iye ikhoza kukhala ya Chingerezi chosalala, koma yolakwa pa mutu weniweni.

CHIFUKWA CHAKE MCHINJI

Mchinji ali pa malo abwino a ntchito imeneyi. Ali pa mtunda wa makilomita ngati 110 kuchokera ku Lilongwe, pa msewu wa phula umene umadutsa pafupi ndi malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze. Ndipo kungodutsa chipata cha Mwami munthu afika ku Chipata, kumene kuli malo ena otere a Msekera. Anthu a mbali zonse ziwiri amayankhula chinenero chimodzi, amalima nthaka yofanana, amakwatirana, ndipo nthenda ya mbewu kapena ya anthu siifunsa chiphaso pa malire. Mtedza umene alimi a kuno amautcha CG7, umene unatulutsidwa mu 1990, ndi womwewo umene ku Zambia amautcha MGV4. Nzosayenera kuti ofufuza a Chitedze ndi a Msekera azimva za ntchito ya anzawo kudzera m'magazini a kutsidya kwa nyanja.

Kugwirizana kotere kunalipo kale. Seminale ya Kachebere, imene inatsegulidwa mu 1939 m'malire momwemo, inaphunzitsa ansembe a maiko onse awiri. Mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa ofesi imodzi yosindikiza mabuku, ndipo mabuku a Chinyanja otuluka kumeneko anawerengedwa m'masukulu a ku Fort Jameson ndi a ku Fort Manning chimodzimodzi. Chimene chinatheka m'masiku a mtokoma wa pa positi sichingalephereke lero.

MAWU A OTSUTSA

Alipo amene anganene kuti dziko lino latopa ndi misonkhano, ndipo mawu awo ali ndi mphamvu. Nchodziwika kuti misonkhano ina ya m'mahotela a kunyanja yakhala yongodyera ndalama za alawansi: anthu afika, alemba maina, amvera zokamba za mlendo, nabwerera ndi envulopu, ntchito osaoneka. Boma lakhala likuchenjeza za kuwononga kumeneku, ndipo lachita bwino. M'bindikiro wa alembi ukangotengera khalidwe limenelo, kuli bwino usayambe nkomwe.

Komatu m'bindikiro uli ndi muyeso umene misonkhano ina ilibe, ndiwo masamba olembedwa. Munthu alowe pokhapokha atatumiziratu ntchito yake yoyambidwa, ndipo asankhidwe chifukwa cha ntchitoyo, osati chifukwa cha udindo wake. Pa tsiku lotsiriza aonetse zimene walemba. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, okonza alengeze poyera nkhani zimene zatumizidwa kwa akonzi ndi zimene zalandiridwa. Ndalama zilipire chakudya, pogona ndi ulendo basi. Malo asakhale hotela; sukulu za sekondale zogonera komweko, monga Ludzi ndi Magawa, zimakhala ndi zipinda zopanda anthu pa tchuthi, ndipo eni ake akapemphedwa mwaulemu nkhani ikhoza kukambidwa. Wofuna envulopu sadzabwera ku malo otere, ndipo kusabwera kwakeko ndi phindu.

Ena anganene kuti kulemba nkhani za kafukufuku ndi ntchito ya mapulofesa, ndipo kalaliki kapena mphunzitsi wa pulayimale asadzitengere zazikulu. Amenewa akumbukire Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, amene buku lake la Nthondo linapambana mu 1933 pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero za mu Africa, ndipo pambuyo pake analemba Mbiri ya Achewa, buku limene akatswiri a mbiri akali kuligwiritsa ntchito. Iye analibe digiri. Anali ndi makutu, khama, ndi anthu omuthandiza kufikitsa zolemba zake kwa osindikiza.

Chenjezo loona ndi lina. Zolembedwa za m'maofesi a Boma ndi za m'zipatala zili ndi malamulo ake. Wantchito asasindikize za mu ofesi popanda chilolezo cha akulu ake, maina a odwala ndi a ana asatuluke, ndipo kafukufuku wokhudza anthu ayambe wavomerezedwa ndi makomiti oikidwa, monga National Health Sciences Research Committee. M'bindikiro wokonzedwa bwino ndi malo ophunzirira malamulo amenewa, kuti munthu asalakwe chifukwa cha kusadziwa.

NKHANI IBWERERE M'CHICHEWA

Lamulo lina limene m'bindikiro wa ku Mchinji uyenera kuliika patsogolo ndi ili: nkhani iliyonse yolembedwa m'Chingerezi ikhale ndi mnzake wa masamba awiri m'Chichewa chomveka, wonena chimene chinafunsidwa, chimene chinapezeka ndi chimene mudzi ungachite. Pa ntchito imeneyi aphunzitsi ndiwo akatswiri, popeza moyo wawo wonse ndi wosandutsa zovuta kukhala zomveka. Masamba amenewa aperekedwe kwa mafumu, ku makomiti a chitukuko a m'madera, ku malo ophunzitsirako aphunzitsi a m'zoni, ndi ku wailesi ya Mudzi Wathu ya pa Mchinji pomwepo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 600,000 m'bomali. Owerenga The Lancet mwa iwo ndi owerengeka pa zala. Anthu amene anatsegula zitseko zawo kwa ofufuza, nayankha mafunso a za m'nyumba mwawo, ayenera kumva chimene chinatuluka. Akapanda kumva, tsiku lina adzatseka zitsekozo, ndipo palibe amene angawadzudzule.

Kumasulira kumathandizanso wolemba mwini. Munthu amene sangathe kufotokozera a nyakwawa zimene wapeza, kawirikawiri amakhala kuti iye yemwe sanazimvetse bwino.

NTCHITO YA AYANI

Zofunika nzochepa ndipo zilipo kale. Khonsolo ya boma la Mchinji, motsogozedwa ndi Bwanamkubwa, ingathe kupempha bungwe lililonse lofuna kuchita kafukufuku m'bomali kuti m'ndondomeko ya ndalama zake liikemo masiku asanu olembera pamodzi ndi antchito a komweko, ndi kusiya kope la zotsatira zake ku ofesi ya khonsolo. Masukulu aukachenjede a LUANAR, KUHeS ndi University of Malawi angathe kutumiza akonzi ndi aphunzitsi ozolowera. Bungwe la National Commission for Science and Technology, limene lamulo linalipatsa udindo woyang'anira kafukufuku m'dziko lino, lingathe kusunga kaundula wa zotuluka. Osunga mabuku a m'chigwirizano cha MALICO angasonyeze alembi magazini oona ndi onyenga, ndi njira zowerengera kwaulere magazini a kunja zimene maiko monga Malawi anapatsidwa. Akulu a maofesi ndi a masukulu, mbali yawo ndi kumasula wantchito masiku asanu, ndi kuwerengera nkhani yosindikizidwa ngati ntchito yeniyeni pomuganizira za kukwezedwa.

Masomphenya a Malawi 2063, amene Boma linakhazikitsa mu January 2021, afuna dziko lodzidalira. Dziko lodzidalira liyenera kutha kudzilembera lokha zimene likudziwa, kuti pokonza bajeti kapena posintha silabasi lisamadikire mlendo kudzaliuza za m'mudzi mwake momwe. Mchinji anayamba ndiye kuyesa Mtukula Pakhomo, dziko lonse nkutsatira. Angathenso kuyamba ndiye pa ntchito iyi, ndipo tchuthi chachikulu cha sukulu chikubwerachi ndi nthawi yokwanira kuti makabati oyamba atsegulidwe.